Kabatani ndi Mapazi a Ababa

Kabatani anali mwana wa telala. Dzinali anam'patsa ndi Ababa. Ankati ndi wamng'ono ndipo amapezeka paliponse, ngati batani lothothoka pamalaya.

Kabatani ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Ababa asamadwale.

Ababa ankasoka m'kachipinda ka kutsogolo kwa nyumba. Makina awo anali opalasa ndi mapazi. Mapazi akaponda, singano inkavina. Mapazi akaima, singano inkaimanso. Kabatani ankakhala pansi pa tebulo. Ankatola tizidutswa ta nsalu. Ankayang'ana mapazi a Ababa akugwira ntchito.

Nthawi ina Ababa anadwala chimfine. Anagona masiku angapo. Makina anangoti zii. Kabatani sanakonde zimenezo m'pang'ono pomwe.

Azakhali anabwera kudzazonda matenda. Anabweretsa botolo lalikulu la mapilitsi oyera.

“Achimwene, awa ndi a zinki,” anatero Azakhali. “Anthu akuti amathandiza pa chimfine.”

Kabatani anatchera khutu. Makutu a mwanayu sankagona ayi.

Ababa anachira. Makina anayambanso kulira. Botolo lija linaikidwa pawindo, ndipo akuluakulu analiiwala. Kabatani yekha sanaliiwale.

M'chipinda chosokera mumakhala fumbi la nsalu. Fumbilo limalowa m'mphuno. Ababa akadula nsalu ankayetsemula.

“Hetsi!”

Kabatani anadzambatuka. Anathamangira pawindo. Anabwera ndi pilitsi ndi kapu ya madzi.

“Ababa, imwani. Chimfine chabwera.”

Ababa anaseka. “Si chimfine, mwanangu. Ndi fumbi chabe.”

“Imwanibe, Ababa.”

Ababa anayang'ana nkhope ya mwana wawo. Kukana kunawavuta. Anameza pilitsi lija.

“Zikomo, adokotala anga,” anatero.

Kabatani anamva kukoma mumtima. Tsiku limenelo anayenda monyadira ngati tambala.

Mawa lake Ababa anayetsemulanso.

“Hetsi!”

Pilitsi ndi madzi.

Masana anayetsemula.

“Hetsi!”

Pilitsi ndi madzi.

Madzulo anayetsemulanso. Kabatani anali kale pambali pawo ndi kapu.

Botolo litatha, Kabatani anauza Azakhali. Azakhali anabweretsa lina. Anakondwa kuti mphatso yawo ikugwira ntchito. Palibe anafunsa kuti likutha msanga chifukwa chiyani. Amayi ankachoka m'mawa kupita kuntchito. Sankaona zimene zinkachitika masana.

Miyezi inapita. Chimfine sichinabwerenso. Koma kunabwera china.

Ababa anayamba kutopa msanga. Ankasoka pang'ono n'kupuma. Nkhope yawo inatuwa.

Tsiku lina Kabatani anali pansi pa tebulo. Anaona phazi la Ababa likuphonya chopondera. Linaponda pansi. Linayesanso. Linaphonyanso.

“Ababa, phazi lanu lasochera,” anatero Kabatani.

“Lachita dzanzi,” anatero Ababa. “Litha posachedwa.”

Dzanzi silinathe. Linagwira phazi lina. Ababa anayamba kuyenda akugwira khoma. Patapata ankavuka iwo osadziwa. Msoko unayamba kukhota. Mayi wina anabweza diresi yake akung'ung'udza.

Kabatani anada nkhawa kwambiri. Ndiye mukudziwa chimene anachita? Anawonjezera mapilitsi. Ankaganiza kuti akuthandiza. Kalanga ine, mwana wa anthu!

Kenako makina anaima. Amayi anawafunditsa nsalu.

“Basi, mawa tikupita kuchipatala,” anatero Amayi. “Musandiuzenso kuti litha.”

Anapita onse atatu. Adokotala anali mayi wa magalasi. Anayeza Ababa magazi. Anawagwira zala za kumapazi.

“Mukumva apa, bambo?”

“Ayi.”

“Nanga apa?”

“Ayi.”

Patapita masiku anabwereranso kukamva zotsatira. Kabatani anabisa botolo lija m'thumba la diresi. Ankaopa kuti Ababa angayetsemule panjira.

“Bambo, magazi anu achepa,” anatero adokotala. “Komanso m'thupi mwanu mwachepa kopa.”

“Kopa?” anadabwa Amayi. “Yemwe uja wa m'mawaya a magetsi?”

“Yemweyo,” anatero adokotala akumwetulira. “Koma musawapatse waya kuti atafune. Thupi limapeza kopa m'zakudya. Limafuna wochepa kwambiri. Koma wochepayo ali ndi ntchito. Amathandiza kupanga magazi. Amasamalira mitsempha imene imatithandiza kumva tikakhudzidwa. Akasowa, munthu amafooka. Mapazi amachita dzanzi.”

Adokotala anayang'ana Ababa. “Kodi pali mankhwala ena amene mumamwa?”

“Ayi, palibe,” anatero Ababa. Iwo timapilitsi tija sankatiwerengera ngati mankhwala.

Kabatani anaimirira. Anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

“Alipo!” anatero mokondwa. “Ndimawapatsa ndine!”

Anatulutsa botolo lija. Analiika patebulo. Ankadikira kuti amuyamikire.

Adokotala anawerenga zolemba pabotolo. Anavula magalasi.

“Umawapatsa kangati, mwanangu?”

“Akangoyetsemula.”

“Amayetsemula kangati?”

“Kambirimbiri,” anatero Kabatani. “Ndi atelala.”

Amayi anagwira pakamwa.

Adokotala analankhula mofatsa. “Zinki ndi wabwino. Thupi limamufuna. Koma akachuluka, amatsekereza kopa. Kopa amalephera kulowa m'thupi. Ndi chifukwa chake mapazi a bambo ako atere.”

Kabatani anayang'ana botolo. Anayang'ana mapazi a Ababa.

“Ndiye kuti ndine?” anafunsa ndi mawu aang'ono.

“Iwe ndi amene watiuza gwero la vutoli,” anatero adokotala. “Wachita bwino kunena. Koma kuyambira lero, mankhwala si ntchito ya ana. Wamva?”

Kabatani anagwedeza mutu kuvomera. Misozi inali mbwembwembwe.

“Kodi mapazi achira?” anafunsa Amayi.

“Magazi abwerera msanga,” anatero adokotala. “Mapazi amachedwa. Nthawi zina amachira. Nthawi zina amachira pang'ono chabe. Sindingakunamizeni.”

Adokotala anatenga botolo la zinki. Anapereka kabotolo kena kakang'ono.

“Awa ndi a kopa. Amwe monga ndalembera basi. Osawonjezera. Kopa naye akachuluka amavulaza chiwindi. Azidyanso nyemba, mtedza, nthanga ndi chiwindi cha ng'ombe.”

Atafika kunyumba, Kabatani analowa pansi pa tebulo losokera. Anakoka nsalu ija n'kubisala. Analira mpaka mphuno kutsekeka.

Anakumbukira kapu ya madzi. Anakumbukira mmene ankathamangira. Pilitsi lililonse analipereka ndi manja ake. Ankalakalaka atawabweza onse m'botolo. Koma madzi akatayika saoleka.

Anamva Ababa akubwera. Ankayenda pang'onopang'ono, akugwira khoma. Anakhala pansi movutikira, pafupi ndi tebulo.

“Odi kunyumba kuno,” anatero Ababa.

Kabatani anakokanso nsalu ija kuti asaoneke.

“Odi. Kodi eni ake achoka?”

“Ndakuphwanyirani mapazi, Ababa,” anatero Kabatani ali m'kati momwemo. “Pepani.”

Ababa anasendera pafupi.

“Pakamwa pamene pankameza m'pa yani?” anafunsa.

“Panu.”

“Wamkulu ndani, iwe kapena ine?”

“Inu.”

“Ndiye mlanduwu usausenze wekha. Ine ndinkadziwa kuti ndi fumbi. Zolemba pabotolo sindinawerenge. Ndinkangokondwa kukuona ukundithamangira. Nanenso ndikudandaula, mwanangu.”

Kabatani anatulutsa mutu. Maso a Ababa analinso ofiira. Anakwawa n'kukhala pamiyendo pawo.

Madzulo Azakhali anabwera. Atamva nkhaniyi anakhala pansi n'kugwira mutu. “Mabotolo aja ndinkabweretsa ndine,” anatero. Tsiku limenelo aliyense anali ndi chake chodandaula.

Amayi anaika kabotolo ka kopa pamwamba pa kabati. Ankapereka okha. Kabatani sankakagwira. Ntchito yake inali yosenda mtedza ndi kusankha nyemba.

M'mawa uliwonse ankagwira chala cha Ababa.

“Mukumva, Ababa?”

“Ayi, mwanangu.”

Masabata anapita. Nkhope ya Ababa inawala. Kutopa kunachepa.

“Mukumva, Ababa?”

“Ayi, mwanangu.”

Kabatani anafuna kuliranso.

“Kuona maso a nkhono n'kudekha,” anatero Amayi. Kabatani anaganiza kuti nkhono imeneyi ikuchedwa kwambiri.

Tsiku lina Ababa anavundukula makina. Anapukuta fumbi. Anathira mafuta.

“Manja anga ali bwinobwino,” anatero. “Ndikusowa mapazi okha. Kodi pali amene angandibwereke?”

“Ine!” anakuwa Kabatani.

Anaima pambali pa Ababa. Anaika phazi pa chopondera. Anaponda. Gudumu linabwerera m'mbuyo. Ulusi unaduka.

“Yesanso,” anatero Ababa.

Anayesanso. Ulusi unakodwa. Anayesanso. Kenako gudumu linazungulira bwino. Ababa anayendetsa nsalu. Msoko unatuluka wowongoka.

Kuyambira pamenepo, Kabatani akaweruka kusukulu ankapalasa pang'ono. Ababa ankaika phazi lawo pambali pa lake kuti lisaiwale ntchito.

Miyezi inapitanso. Loweruka lina ankasoka kabudula wa mwana wasukulu. Kabatani ankapalasa mwamphamvu. Phazi lake linaterereka. Chidendene chinatera pa chala chachikulu cha Ababa.

“Mayo ine!” anakuwa Ababa. “Iwe Kabatani, wandiponda!”

“Pepani, Aba...”

Kabatani anaima. Anayang'ana pansi. Anayang'ana Ababa.

“Mwamva?” anafunsa.

Ababa nawo anayang'ana pansi. “Ndamva,” anatero chapansipansi. “Chapweteka ndithu.”

“Amayi! Amayi!” anakuwa Kabatani. “Bwerani! Ababa amva kupweteka!”

Amayi anabwera akuthamanga, manja ali ndi thovu la sopo. Anagwada. Anatsina chala chija.

“Mayo! Nanunso, amayi a mwana?”

Amayi anaseka. Kenako analira. Kenako anasekanso.

Phazi linalo linali lidakali ndi dzanzi. Mwina lidzachira, mwina ayi. Kabatani ankadziwa zimenezo, ndipo zinkamuwawabe. Koma chala chimodzi chinali chitadzuka.

Anagwada n'kuchisisita pang'onopang'ono.

“Apa mukumva, Ababa?”

“Ndikumva, mwanangu,” anatero Ababa. “Usasiye.”