Jombo Zoyera za Dokotala

Pakhomo pa atelala panali pamtendere. Bambo ankasoka pakhonde, mayi ankaweta nkhuku zawo kuseri kwa nyumba, ndipo palibe ankagwira chakudya asanapemphere. Mwana wawo wamwamuna atapeza ntchito pa famu yaikulu ya nkhuku, bambo anamulangiza kuti pantchito ya eni ake, lamulo limene sukulimvetsa ndi limene uyenera kuligwiritsitsa.

Malamulo analipodi. Wantchito akafika pachipata ankavula zovala zake, kusamba, n'kuvala ovolosi yoyera ndi jombo zoyera za pafamupo. Pakhomo la khola lililonse ankaponda m'beseni la mankhwala. Akapitawo ankabwereza mpaka m'makutu kuwawa kuti za kunja zithere kunja, za mkati zisatuluke, chifukwa matenda a nkhuku alibe miyendo, amabwereka ya anthu. Mnyamatayo anapatsidwa khola la anapiye, ndipo ankawakonda kwambiri moti mmodzi akalira mwachilendo, chakudya sichinkamulowa.

Koma anali ndi nthenda yakeyake, kudzimva. Akavala zoyerazo n'kudziona pagalasi, mtima unkangoti myaa. Tsiku lopita kutchuthi anapinda ovolosi, kutenga jombo, n'kuziponya m'chikwama muja munali zovala zake.

Msuweni wake, munthu wa pakamwa pozuna koma wosagwira ntchito, atangoziona anaomba m'manja.

"Suweni, zimenezi n'zobisa? Tiye kumsika anthu akakudziwe. Lero ndiwe dokotala."

Mayi analetsa mwana wawoyo, ati zovala za eni zibwerere kumene zachokera. Iye anangoseka, ati amayi za masiku ano sazidziwa.

Kumsika msuweni ankayenda patsogolo akulengeza kuti dokotala wa nkhuku wafika, ndipo dzinalo linamumatira pomwepo. Mayi wina wogulitsa nkhuku anamukokera pamalo pake kuti aone ziweto zake. Zinali zitazyolika, mapiko ali lende, zina makosi atapindika. Munthu wanzeru akanaliyatsa liwiro. Iye ayi, poti atsikana anali kuyang'ana. Anaponda zitosi zobiriwira, kunyamula nkhuku ndi manja opanda magolovesi, kuikanula mlomo, kudzipukuta thukuta kumaso, n'kugamula mwaukatswiri kuti chinali chimfine chabe. Atabwerera kunyumba analowa m'khola la mayi ake, jombo zili kuphazi, kukawaonetsa mmene akatswiri amagwirira nkhuku.

Sabata isanathe, chitopa chinasesa kholalo. Anayamba ndi tambala, kenako misoti, kenako thadzi lomwe linali pamazira. Mayi sanakalipe. Ankangotola imodziimodzi akupukuta misozi, ndipo zimenezo zinamuwawa mwanayo kuposa mbama. Iyenso maso anafiira psuu, kuyabwa, manthongo ali mbwee. Dokotala uja anakaima pamzere kuchipatala ngati wina aliyense.

Tchuthi chinatha, ndipo jombo zinayenera kubwerera pamalo pake akapitawo asanazindikire. Msuweni anati nkhani yake ndi yaing'ono, angozitsuka pampopi, azilowetse mobisa, chifukwa akaulula ndiye kuti ntchito yatha. Bambo anamva zonsezo ali pamakina awo, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Ukalowa nazo, ntchito uisunga," anatero. "Koma anapiye aja ukawakwirira ndi manja ako omwewo."

M'mawa mwake anafika pafamu. Mlonda anatsegula chipata, anzake analowa akuseka, iye anaima tsidya la msewu. Kulira kwa anapiye ake kunkamveka kuchokera mkati, ndipo chikwama chinamulemera ngati muli miyala. Anachita mantha, mantha enieni. Akapitawo anatuluka n'kumufunsa chimene ankadikira dzuwa litakwera chonchi.

"Bwana, musandiyandikire. Ndinaba ovolosi ndi jombo za famu. Ndaponda nazo chitopa kumsika, ndipo nkhuku za mayi anga zatha. Ndikalowa ndikupherani anapiye."

Akapitawo anapsa mtima, ndipo mawu amene anayankhula sitingawabwereze pano. Analamula kuti chikwamacho chitenthedwe ndi zonse zamkatimo, kutali ndi mpanda, malo amene anaimapo apoperedwe mankhwala, mwini wake abwerere kwawo mpaka alangizi a ziweto atalola. Atabwerako, khola analandidwa. Anamupatsa chikwanje kuti azitchetcha udzu kunja kwa mpanda, ndipo anzake podutsa ankamufunsa ngati adokotala akulandira odwala lero. Iye ankangoweramira udzu wake.

Mwezi umenewo chitopa chinayenda dera lonse. Mafamu oyandikana nawo ankatuta nkhuku zakufa pa wilibala, ena mpaka anatseka, antchito n'kubalalika. Koma pafamu iyi sipanagwe nkhuku ndi imodzi yomwe. Anapiye aja anakula, ananenepa, ndipo tsiku lowakweza m'malole phokoso lawo linadzaza msewu wonse. Akapitawo anatumiza mlonda kuti akamuitane wotchetcha uja. Pamaso pa antchito onse ananena kuti nkhukuzi zinapulumukira tsidya la msewu, pamene munthu wina anasankha manyazi m'malo mwa bodza, ndipo kuti anapiye atsopano akabwera, kholalo ndi lakenso. Mnyamatayo analira ndi chimwemwe, osasamala kuti anzake akumuona.

Achinyamata, tcherani khutu. Kunyada kunapha nkhuku za mayi wosalakwa, ndipo zimenezo sizinadzuke. Chovala cha pantchito si chotchenera, ndipo lamulo la pachipata si lovutitsira munthu. Ukaponda poipa, usalowe nazo kwa anzako. Ima panja, unene zoona, moyo ukadalipo woti upulumutse.