Nembanemba za Batire la pa Kandeu

Fabiano anali wosauka ngakhale anthu ankati ali pantchito yabwino. Kampani ina itaika magetsi a sola pa Kandeu mu 2021, inamulemba ntchito yosamalira batire lalikulu. Batirelo linali ndi mathanki awiri a madzi osungunuliramo chitsulo chotchedwa vanadiyamu. Madziwo ankapopedwa kudutsa mbali ziwiri za nembanemba zopyapyala ngati khungu la anyezi, zolola mphamvu kuwoloka koma zoletsa madzi awiriwo kusakanikirana. Ainjiniya anati zikasamalidwa zimatha zaka khumi.

Magetsiwo analemeretsa ena. Nicholas, mnzake wa kusukulu, anatsegula chigayo n'kugula galimoto, Fabiano akupalasabe njinga yopanda mabuleki. Mtima utamupweteka, anapita kwa sing'anga wina kuseri kwa Manjawira.

"Chuma chako chili m'mathanki momwemo," anatero sing'angayo. "Ubwere ndi tsitsi la mkazi wako. Ndikusakanizira mankhwala, ukathiremo."

"Nanga mkaziyo chidzamuchitikire n'chiyani?"

"Nembanemba zakozo zimakhala zaka zingati?"

"Khumi."

"Zikadzatha, naye adzatha. Zaka khumi si zochepa."

Fabiano anameta katsitsi ka Dailes, mkazi wake, n'kuchita zomwe anauzidwa. Anayamba geni ya mbatatesi, ndipo chilichonse chomwe wagwira chinkayenda. Chaka chisanathe anali ndi golosale ndi nyumba ya malata.

Kenako batire linayamba kutha mphamvu msanga. Dailes naye anayamba kutsokomola ndi kuwonda. Injiniya atatsegula anapeza nembanemba zitafewa, zina zitabooka.

"Muli chinthu chachilendo m'madzimu, chadya zonse," anatero. "Zatsopano zifika pakatha miyezi itatu."

Fabiano anathamangira kwa sing'anga uja. "Paja tinati zaka khumi."

"Unanena ndiwe. Ine ndinangofunsa."

Dailes anagonekedwa pa kachipatala kodalira magetsi omwewo, akupumira makina a okosijeni. Mvula inagwa masiku atatu, dzuwa osaoneka, magetsi akungophethira.

"Bambo a Tisunge," Dailes ananong'oneza Fabiano, "si inu mumasamala magetsiwa? Pitani mukakonze. Ine ndikudikirani."

Anapita, akudziwa kuti palibe chokonza. Anakhala pansi pafupi ndi mathanki mpaka mapampu anazima masana. Pobwerera kuchipatala anapeza anamwino atamufunditsa kale nsalu Dailes.

Atachoka kumanda mutu unamusokonekera. Golosale inatsekedwa, mwana wawo Tisunge anatengedwa ndi amalume ake ku Nzama. Mpaka lero Fabiano amayendayenda pamsika osavala nsapato, akuuza aliyense kuti akufulumira, mkazi wake akumudikira.

Dyera limagula chuma ndi munthu amene amakukhulupirira, ndipo wogulitsidwayo sabwezedwa. Kuli bwino kusauka muli awiri.