Zala za Ramkhelawan

Madzulo amenewo Sumitra ankasesa pakhonde, ndipo tsache linatuluka lodzaza tsitsi la mwamuna wake, Dhaneshwar. Iyeyo anali pa mjigo, akukwecha mutu ndi sopo kachitatu tsiku lomwelo.

"Bambo a Sunita, mwadzolanso mafuta a mpiru?"

"Ndadzola liti? Mwezi wathunthu sindinakhudze botolo!"

Komabe mutuwo unkanyezimira, ndipo fungo la mpiru linali ponseponse. Amuna onse a m'mudzimo anali chimodzimodzi: mafuta kutuluka okha pakhungu, tsitsi kuthothoka, dazi kukula. Dzuwa likamalowa aliyense ankamva zala zikumutikita m'mutu pang'onopang'ono, monga ankachitira Ramkhelawan, wometa wa m'mudzimo, powadzoza mafuta a mpiru. Koma Ramkhelawan anali atamwalira mwezi wapitawo.

Munthu ameneyu anameta amuna onse a m'mudzimo pa maliro a abambo awo, monga mwambo umafunira. Iye atamwalira wopanda mwana wamwamuna, panalibe amene anameta mutu kumulira. Anati wometa ndi wa mtundu wapansi. Zinali zamanyazi, koma manyazi sanawagwire. Chinawagwira ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo unalunjika kwa mkazi wake wamasiye, Phulmati.

Dhaneshwar anatsogolera gulu masanasana, ndodo zili m'manja. Anathyola chitseko, nagubuduza mitsuko kufunafuna tsitsi lomangidwa. Sanapeze kanthu, koma lumo lakale lokulungidwa m'nsanza.

"Mfiti iwe! Bweza tsitsi lathu!"

"Tsitsi lanu ndilitani ine, bwana? Ndiphike ndiwo?"

"Ukutiseka?"

"Mwamuna wanga anakumetani pa maliro a bambo anu, inu mukulira ngati mwana. Iyeyo anamumetera ndani? Mmodzi yekha amete, basi. Mundisiye m'nyumba mwanga."

Palibe anavomera. Anamukokera kumsewu, natentha nyumbayo, lumo lili momwemo. Patapita masiku awiri, abusa a njati zoweta anamupeza Phulmati atafa m'mbali mwa ngalande.

Kuyambira tsikulo zala zija zinaleka. Fungo linatha. Amuna anayamba kuseka pogulitsira tiyi, akusisita mitu yowuma, akuti mudzi wayera.

Tsiku lakhumi chimwalirire Phulmati, lomwe anamfedwa amameta, Dhaneshwar anakhala pakhonde dzuwa likulowa, kalilole ali m'manja. Sumitra anaima ndi tsache, nanunkhiza mpweya.

"Bambo a Sunita... mpiru."

Chapafupi kunamveka lumo likunoledwa pa chikopa, shwe, shwe. Mutu wa Dhaneshwar unapendekera kumbuyo wokha, ngati wagwidwa ndi dzanja lozolowera ntchito. Tsitsi lotsala linagwera pamapewa. Kenako chitsulo chozizira chinatsika mpaka pakhosi, chinaima pamenepo.

Mawu anabwera aulemu monga kale, pafupi ndi khutu.

"Musagwedezeke, bwana. Lero ndikumetera maliro awiri, anga ndi a mkazi wanga."