Amene Anachotsa Waya wa Batire

Malemu amuna anga ankasamala batire la galimoto kuposa mmene ankandisamalira ine, ndipo ndinkawauza pamaso. Galimoto yathu ndi nkhalamba, ili ndi kachilema: ukaisiya usiku waya ali polumikiza, m'mawa batire latha moto. Ndiye madzulo aliwonse bambowa ankatsegula boneti, n'kumasula waya mmodzi ndi kasipanala kawo. Mitu ya batire ikachita zoyerayera ngati ufa, ankaitsuka ndi madzi otentha a soda, kukwecha ndi kamswachi kakale, kenako kupaka girisi. Kasipanalako sikankachoka m'thumba la jekete lawo. Tsiku lowaika m'manda ndinakasiya momwemo, ndinati apite nako.

Ntchito ija inatsalira mkamwini wanga. Ndi munthu wabwino, koma kuiwala ndiye kwawo.

Madzulo ena tinali pabwino. Mwana wanga wamkazi, mimba ili pafupi, ankapinda timalaya ta mwana tikuseka. Mwamuna wake anafika wotopa, n'kugona pampando nsapato zili kuphazi. Magetsi atazimitsidwa, ndinamva boneti ikutseguka panja. Kenako kukwecha. Khwe, khwe, khwe. Pang'onopang'ono, mosathamanga.

Ndinati mumtima, mkamwini wayamba kukhwima. Ndinagona mtima uli m'malo.

Kusanache, mwana wanga anagogoda kuchipinda kwanga.

"Amayi, zayamba."

Chipatala chili kutali, ndipo mumsewu mwathu galimoto ndi yomweyi. Mkamwini anatola makiyi, koma atafika pakhomo anagwira mutu.

"Mayo! Waya uja sindinachotse. Siilira imeneyi, amayi."

"Si inu mumakwecha usiku?"

"Ine? Chigonereni pampando paja."

Tinatsegula boneti, ine nditagwira tochi. Waya anali womasula, atapindidwa bwino pambali. Mitu ya batire inali mbee, girisi wake watsopano. Pansi panali ponyowa, ndipo nditakhudza batire linali lofunda ndi madzi. Pamwamba pa tayala lakutsogolo, pomwe malemu ankaika zida akamagwira ntchito, panali kasipanala kaja.

Mkamwini anabwerera m'mbuyo. M'nyumba mwana wanga anabuula.

"Tengani mumange," ndinatero.

Anamanga waya uja. Atangopotokola kiyi, galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Dzuwa likutuluka, mdzukulu wanga anali m'manja mwa anamwino, mwana wamwamuna, wamphuno ngati ya malemu agogo ake.

Titabwerera, mayi oyandikana nafe anandikokera kumpanda n'kutsitsa mawu.

"Usiku uja ndinaona bambo atawerama pagalimoto panu. Ndinawapatsa moni, anangokweza dzanja. Koma jekete lija, anzanga..."

Sindinawalole kumaliza. Anthu akunong'ona kuti tisamuke, ena akuti tigulitse galimotoyo. Ine mantha anandithera kuchipatala komwe kuja. Mkamwini masiku ano saiwalanso waya, amachotsa dzuwa lisanalowe. Koma kasipanala ndimakasiyabe patayala pomwe paja, mwina mwini wake angakafune.