Jaji Wongovomereza

Pakhomo pa telala wina panali pabwino. Ana ankadya n'kukhuta, ankapemphera, ndipo mwana wachiwiri, amene ankamutcha Kamutu, ankakhoza mayeso osatsegula buku. Mayi ake ankanyadira. Bambo ake ayi.

"Iwe, nzeru uli nazo, koma ulesi wakukulira," anatero tsiku lina akupalasa makina. "Amene adzalire si iwe, ndi ena."

Kamutu anangoseka. Anaphunzira zamalamulo, anakhala loya, kenako majisitireti, ndipo imvi zisanamere anamusankha kukhala jaji wa khoti lalikulu kuposa onse, kumene mlandu ukafika supitanso kwina. Anamupatsa mkanjo, galimoto ndi ofesi ya kapeti, yoti enafe tikalowamo timayamba tayang'ana kumapazi. Mkazi wake ananenepa, ana anapita kusukulu zabwino, bambo ake omwe anavomera kuti Mulungu wawakumbukira.

Kukhotiko majaji ankakhala atatu pa mlandu umodzi. Mmodzi ankalemba chigamulo, enawo n'kunena ngati akugwirizana nacho. Jaji wina wachikulire, wokonda mowa wamasana, anamukokera pambali n'kumuuza kuti asadziphe ndi mafayilo onenepa ngati pilo. Anati alipo anzathu okonda kulemba, asiyeni alembe, inu achimwene muzingoti ndikugwirizana nazo, tizikadya nyama.

Kamutu anazikonda. Mafayilo ankabwera omanga ndi chingwe n'kubwerera mfundo ili yomweyo. Zaka zinayenda bwinobwino. Mkazi wake atafunsa kuti bambo a ana, ntchito yanji iyi yosamudwalitsako mutu munthu, anayankha kuti wokwera pamwamba amayenera kupuma.

Ndiye kunabwera apilo ya dalaivala wina amene anamugamula kukhala m'ndende moyo wake wonse pa mlandu wopha munthu. Anzake awiri pa mlanduwo anasemphana. Jaji wamayi anati umboni ndi wabodza, atuluke. Winayo anati aferemo. M'chipinda chokambirana onse anatembenukira kwa Kamutu, yemwe anali atangochokera kokadya, maso ali lende.

"Ndikugwirizana nazo," anatero mwachizolowezi.

"Ndi ndani, bwana?" anafunsa mayiyo. "Tilipo awiri."

Ngakhale dzina la dalaivalayo Kamutu sankalidziwa. Zinali zosavuta kungoloza mmodzi, nkhani n'kutha, munthu n'kuwolera m'ndende popanda wodziwa. Chala chinayamba kudzuka. Kenako mantha anamugwira, ndipo ananena motsitsa mawu kuti sanawerenge.

Mlandu anauimitsa. Mkulu wa majaji anamukalipira ngati mwana wa sukulu, zitseko zili zotsegula, makalaliki akumva. Kamutu anakhala pansi n'kuwerenga tsamba ndi tsamba, ndipo anapeza kuti mboni yaikulu inanena zosiyana kupolisi ndi kukhoti. Dalaivala anatuluka. Koma kuimitsa kuja kunadya miyezi, ndipo m'miyezi imeneyo mayi ake a dalaivalayo anamwalira akudikira. Dalaivalayo anangokaona manda.

Kamutu ntchito akadali nayo, ndipo masana amadyera muofesi, fayilo ili pambali. Banja lake lili bwino. Dalaivala nayenso akuyendetsa galimoto, sadziwa n'komwe chimene chinamuchedwetsa.

Ana inu, ndikuuzeni osapsatira. Ulesi ndi tchimo, ngakhale utavala mkanjo. Ntchito imene mwaizemba pali wina amene akuilipira, ndipo nthawi zambiri amakhala munthu wosauka woti simudzamuona nkhope.