Amayi a Taya Salowa M'holo

Taya anali mtsikana wa mumzinda wozizira wa Perm.
Ankavina pa ayezi.
Ankavala nsapato za zitsulo kunsi.
Ankathamanga. Ankadumpha. Ankazungulira ngati nguli.

Taya ankafuna chinthu chimodzi chokha.
Ankafuna amayi ake amuonere akuvina.

Koma amayi ake sankalowa m'holo ya mipikisano.
Ankaima panja, pozizira.

"Maso angawa ndi atsoka, mwanangu," ankatero. "Tsiku limene ndinakuonera, unagwa."
"Amayi, ndinali ndi zaka zinayi!"
"Komabe unagwa."

Aa, mayi ameneyu! Ine ndimakhala naye moyandikana. Makani ake ndi osanena.

Taya anapambana mpikisano wa ku Perm.
Amayi anali panja.
Anapambananso wa ku Kazan.
Amayi anali panja.

Ana ena ankabayibitsa amayi awo.
Taya ankangoyang'ana mpando wopanda munthu.
Ankasungulumwa kwambiri.

Kenako kunabwera mpikisano waukulu ku Moscow.
Unali wa masiku awiri.

Tsiku loyamba, nyimbo inayamba.
Taya anayang'ana mipando. Amayi panalibe.
Anathamanga. Anadumpha.
Khu! Anagwa.
Holo yonse inangoti zii.

Taya anadzuka yekha.
Anamaliza gule wake yekha.

Aphunzitsi ake, a Rimma Pavlovna, anamupatsa kansalu.
"Mina, Taya. Mawa ndi tsikunso."

Taya anatuluka panja.
Anapeza amayi akunjenjemera, mphuno ili psuu.

"Zayenda bwanji, mwanangu?"
"Ndagwa, amayi."
"Wagwa? Komatu ine sindinaonere! Ngakhale kusuzumira, ayi!"
"Eya. Mukaonera, ndimagwa. Mukapanda kuonera, ndimagwanso."



"Kugwa sikupweteka kwenikweni," anatero Taya. "Chimandipweteka ndi kudzuka, inu palibe."

Amayi anamukumbatira.
Anamukumbatira nthawi yaitali.

Tsiku lachiwiri, Taya analowa pa ayezi.
Anayang'ana mipando.
Ha! Amayi aja pamenepo!

Amayi analavulira kumanzere katatu, kuthamangitsa tsoka.
Kenako anaphimba nkhope ndi manja.

Nyimbo inayamba.
Taya anathamanga.
Amayi anasuzumira pakati pa zala.
Taya anadumpha. Anazungulira m'mwamba.
Anatera bwinobwino!
Anadumphanso. Anateranso.

"Ndi wanga uyo!" amayi anakuwa. "Anthu inu, ndi wangatu uyo!"

Anthu anaseka. Anaombera m'manja.
Anaponya maluwa pa ayezi.
Taya anapambana.

Anathamangira kwa amayi ake, mendulo ili m'khosi.

"Amayi, mwandiona?"
"Ndakuona, mwanangu. Ndi diso limodzi."
"Nanga linalo?"
"Linali ndi mantha."

Taya anaseka mpaka misozi.
"Ulendo wina mudzabwere nalo, amayi. Nalonso lidzaone."