Maluwa Otulutsa Thovu

Kadontho anali mtsikana wokonda kupenta. Pamphuno pake sipankasowa kadontho ka utoto. Pachigongono, kadontho. Pakhutu, kadontho. N'chifukwa chake aliyense ankangomutcha Kadontho.

Tsiku lina Kadontho anadzuka ndi nkhawa. Amayi ake anali atathyoka mwendo. Anali kuchipatala, ndipo madzulo a tsikulo ankabwera kunyumba. Kadontho anali atawasowa kwambiri. Ankafuna kuwalandira ndi maluwa.

Koma amayi ndi maluwa sankamwerana madzi. Amayi ankawakonda, inde. Koma akangonunkhiza duwa, "Etsi! Etsi! Etsi!" mpaka misozi.

"Ndiwajambulira," anatero Kadontho. "Maluwa a m'buku sayetsemulitsa munthu."

Anatsegula buku lake lojambulamo. Apa panali mphaka. Apa panali basi. Apa panali mphaka atakwera basi. Pepala loyera linatsala limodzi lokha.

"Ndikalakwitsa apa, basi kwatha," anatero.

Anatulutsa utoto wake wotchedwa guwashi. Utoto umenewu ndi wokhuthala. Umakhala m'timachubu. Umafuna madzi pang'ono pokha.

Kadontho anapaka pepala lonse utoto wabuluu. Anadikira kuti liume. Kenako anajambula masamba obiriwira. Tsamba apa, tsamba apo. Tsamba apa, tsamba apo.

Tsopano panatsala maluwa oyera. Koma chubu cha utoto woyera chinali kuti?

Pansi pa tebulo panalibe. M'thumba munalibe.

"Ohoo! Ndinachisiya pasinki dzulo, potsuka maburashi!"

Anathamangira kubafa. Anatola chubu choyera osachiyang'ana n'komwe. Anabwerera liwiro lomwelo. Paja akulu anati kuthamanga sikufika.

Anafinyira utoto m'kambale. Anathira timadzi. Anaviika burashi n'kuyamba duwa loyamba.

Duwalo linatulutsa thovu.

Kadontho anapakanso. Thovu linachuluka. Anathira madzi ena. Thovu linafufuma, phwii! Ndipo linkanunkhira kafungo kozizira.

Nthawi yomweyo kubafa kunamveka mawu.

"Kadonthooo!"

Abambo ake anatulukira atagwira mswachi. Magalasi awo sanavale. Milomo inali mbee! Lilime mbee! Ndevu nazo mbee!

"Mankhwala a mano awa aonongeka," anatero abambo. "Ndafinya, thovu palibe. Ndafinyanso, thovu palibe. Ndafinya mpaka atha, thovu palibe!"

Kadontho anayang'ana chubu cha abambo. Anayang'ana chubu chake.

"Ababa, thovu lanu lili kuno. Inuyo mwatsuka mano ndi utoto wanga!"

"Utoto? Mayo ine!"

Abambo anathamangira kusinki. Anachukucha m'kamwa, analavula. Anachukuchanso, analavulanso. Kenako anabwera atavala magalasi.

Anapeza Kadontho akulira. Utoto woyera unali utatha. Pepala lomaliza linali ndi thovu pakati. Msozi umodzi unagwera papepalapo, ndipo buluu uja anayamba kusungunuka. Guwashi ndi wotero. Ngakhale atauma, akaona madzi amadzukanso.

"Pepa, mwana wanga," anatero abambo. "Lirira uko, usalirire pabuku."

"Amayi ndiwapatsa chiyani tsopano?"

Abambo anakanda m'mutu. 

Kadontho anapukuta misozi ndi mkono. Anayang'anitsitsa pepala lija. M'mbali mwa thovu munali kachidutswa ka mankhwala kamene sikananyowe. Kanangokhala phee, koyera bwinobwino.

"Ababa, taonani! Thovu likubwera chifukwa cha madzi. Ndikapanda kuthira madzi bwanji?"

Anaika burashi pansi. Anafinyira mankhwala pachala. Anadinda pabuluu paja. Kudinda, kudinda, kudinda, mozungulira. Linatuluka duwa loyera.

"Eee! Latheka!" anakuwa abambo. "Nanenso ndiyese."

Chala cha abambo chinali chachikulu. Duwa lawo linafanana ndi phazi la galu.

"Ababa, inu muzingofinya," anatero Kadontho.

Abambo ankafinya. Kadontho ankadinda. Duwa apa, duwa apo. Duwa apa, duwa apo. Pakati pa duwa lililonse anadonthezapo utoto wachikasu. Pamene panali thovu paja anaikapo duwa lalikulu kuposa onse.

Maluwa anadzaza pepala lonse. Mankhwala a mano nawo anatha.

Madzulo amayi anafika. Ankayenda ndi ndodo ziwiri, go, go, go. Abambo anawakhazika pabedi. Kadontho anabwera atanyamula buku ndi manja awiri. 

"Amayi, ndakubweretserani maluwa."

Amayi anayang'ana pepala lija nthawi yaitali.

"Kukongola kwake! Wajambula wekha?"

"Ababa anandithandiza kufinya."

Kenako amayi anatukula mphuno.

"Kodi chikununkhirachi n'chiyani?"

Anayandikitsa buku kumphuno. Kadontho anachita mantha. Abambo anakonzeratu kansalu kopukutira mphuno.

Amayi ananunkhiza kamodzi. Zii.

Ananunkhiza kachiwiri. Zii.

Ananunkhiza kachitatu, mokoka mpweya wonse. "Etsi" sanamveke.

"Chibadwire sindinanunkhizepo duwa mwamtendere chonchi," anatero amayi. Anamukumbatira Kadontho mwamphamvu. Kadontho anasangalala mpaka anaiwala zolira zonse zija.

Kenako amayi anatembenukira kwa abambo. Anawayang'anitsitsa kumaso.

"Bambo a Kadontho, ndakhala kuchipatala masiku ochepa okha. Ndevu zachita imvi kale?"

Kadontho anaphulika nako kuseka.

"Si imvi, amayi. Ndi utoto wanga!"

"Ndi kukusowani, mayi," anatero abambo. "Ine ndikasowa munthu, ndimachita imvi."

Amayi anaseka mpaka kugwira mwendo wopweteka uja. Kenako anaimika buku pafupi ndi pilo, lili chitsegulire.

"Limeneli musalichotse apa," anatero. "Maluwa anga ndi amenewa."